Kaligo wa Zipsera za Mano

Kalekale, ana inu, kale lija nsambo za waya zisanafike kuno, kunali mudzi wina kuseri kwa phiri, m'mphepete mwa dambo. M'mudzimo munali amuna atatu okonda kupanga akaligo. Kaligo mumamudziwa? Ndi kang'oma kakang'ono kamtengo, kokutidwa chikopa mbali imodzi, mbali inayo n'kukhala pululu. M'kang'omamo amalowetsamo ndodo yaitali, ndipo pandodopo pamayenda nsambo imodzi yokha. Woimba amakwecha nsamboyo ndi kauta, iyo n'kumalira ngati munthu. Sendera kuno iwe wakumapetowe, usadzandifunse mawa kuti ndinati chiyani.

Amuna atatuwa sankapanga akaligo kuti adyerepo. Onse anali alimi, ndipo dzinja lonse ankakhala ndi khasu m'manja ngati wina aliyense. Koma chimanga chikalowa m'nkhokwe, udzu n'kuuma, ankakumana patsinde pa mkuyu wa kumapeto kwa mudzi, aliyense ndi kathumba kake ka zida. Wofuna kaligo ankangobwera n'kupempha. Akabwera ndi chipanda cha thobwa, chabwino. Akabwera chimanjamanja, chabwinonso.

Woyamba anali Gwirize, wosema. Iyeyu ankasankha mlombwa wouma n'kuufukula ndi kasemasema mpaka kang'oma kapepuke. Anali wamtali, wamanzere, wapakamwa, ndipo mawu ake poimba anali oipa moti agalu ankadzuka pamthunzi n'kuchoka. Wachiwiri anali Mlauzi, munthu wofatsa wosachulutsa mawu. Iyeyu ankaviika chikopa cha gondwa m'madzi n'kuchikoka pakamwa pa kang'oma, n'kuchikhomera ndi timisomali tansungwi. Wachitatu ndiye mwini nthano yathu, Kadammanja. Iye ankapala khonje n'kupota nsambo pantchafu pake, nsambo yosalala yopanda mfundo ngakhale imodzi. Koma ntchito yake yaikulu inali ya makutu.

Pamkuyupo anali ndi mwambo wawo. Kaligo sankachoka pamenepo asanakumane ndi mawu a mwini wake. Mwiniyo ankakhala pansi n'kuyamba nyimbo iliyonse ya kumtima kwake. Tsono Kadammanja ankatsinzina, n'kupendeketsa mutu, n'kumapotoza pang'onopang'ono chikhomo chokungira nsambo, kwinaku akukwecha ndi kauta. Ankapotoza mpaka mawu a munthu ndi mawu a nsambo agwirane n'kukhala ngati amodzi. Zikatero ankatola khala n'kulemba kamzere kochokera pachikhomo kufika pandodo, kuti nsambo ikadzakhwefuka mwiniyo adzangobwezera chikhomo pamzere. Kamzere ka Kadammanja kanali kowonda ngati tsitsi, ndipo anthu onse ankakadziwa.

Mkazi wa Kadammanja, Nangozo, anali mlongo wake wa Gwirize. Tsono pakati pa alamu awiriwa nthabwala sizinkatha.

"Alamu," ankatero Gwirize, "ine ndimatuluka thukuta ndi mtengo, a Mlauzi amanunkha gondwa, inu mumangopendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi. Ntchito yake ndi imeneyo?"

"Imbani kaye nyimbo imodzi agalu osathawa, ndikuyankhani," ankatero Kadammanja.

"Ndiye mundipangire kaligo wanga."

"Nsambo yogwirizana ndi mawu anu sinabadwe, alamu. Khonje lake silinamere."

Mlauzi ankangoseka n'kumakhoma timisomali take.

Kunena zoona, Kadammanja ankakonda pamkuyupo kuposa pena paliponse. Ana ake anali atakula n'kukamanga mabanja kumidzi ina. Kumunda kunali ntchito, kunyumba kunali kogona, koma pamkuyu m'pamene ankadzimva kuti ndi munthu wofunika.

Tsono chaka china makutu a Kadammanja anayamba kutseka. Sizinabwere tsiku limodzi. Zinayamba ndi njiwa za kudambo, zimene zinangokhala ngati zasamuka. Kenako tambala wa pakhomo pake anayamba kumangotambasula khosi m'mawa n'kuyasamula, mawu osatuluka. Ndipo tsiku lina, akupala khonje kuseri kwa nyumba, Nangozo anamugwira paphewa, nkhope itakwinyika.

"Bambo, ndakuitanani mpaka mawu kusasa. Ndakulakwirani chiyani?"

Kadammanja anamva chifukwa mkaziyo anali pafupi ndipo iye ankaona milomo yake.

"Ndimaganiza zina, mayi," anatero.

Koma mumtima anagwidwa mantha aakulu. Sankaopa kugontha kwenikweniko ayi, poti nkhalamba zambiri zimagontha n'kumakhala bwinobwino. Chimene ankaopa ndi tsiku limene anzake adzati, "Pumulani, akulu, tipeza wina wa makutu." Wokunga nsambo wopanda makutu akakhala pamkuyu ngati ndani? Tsono anaganiza zobisa. Anaphunzira kuyang'anitsitsa milomo ya anthu. Anzake akaseka, nayenso ankaseka. Akamufunsa kanthu ankati, "Eya, eya," ngakhale funso litakhala lakuti mbuzi yake yalowera kuti. Ndipo ankayesa kuti palibe akudziwa. Ana inu, wobisa kugontha ali ngati wobisa dzungu m'kati mwa nsalu imene wavala. Aliyense akuona chotupacho, iye yekha ndiye akuti labisika.

Chilimwe chimenecho woyamba kudzapempha kaligo anali mlenje wina wa mawu aakulu, a pansi. Gwirize anasema, Mlauzi anakuta chikopa, Kadammanja anapota nsambo. Zonse zitauma, mlenje anakhala pansi n'kuyamba nyimbo yake ya kuuzimba. Kadammanja anatsinzina monga mwa masiku onse, n'kupendeketsa mutu. Koma m'makutu munangomveka phokoso lakutali. Anapotoza chikhomo, osamva kanthu. Anapotozanso, osamva kanthu. Tsono anasiya kudalira makutu n'kumakhudza nsambo ndi chala, mpaka inalimba monga mmene ankakumbukira kuti nsambo imalimbira. Atatsegula maso anaona mitsempha ya m'khosi mwa mlenje itaima, munthu wamkulu akuthamangitsa nsambo yomwe inali itakwera kumwamba. Koma Kadammanja anadziuza kuti alenje amaimba choncho. Anatola khala n'kulemba kamzere kake.

Pamenepo Gwirize anamuyandikira n'kunena mokweza, "Alamu, utomoni wopaka kauta watha. Kwanu kulibe wina?"

Kadammanja anapita kukatenga. Pobwera anapeza mlenje akuimba nkhope ili mwee, mutu ukugwedezeka, mitsempha ija itagona. Mlenjeyo anamugwira dzanja ndi manja awiri pomuthokoza. Kadammanja anapumira m'mwamba. Anati mumtima, "Zala zanga zikumva m'malo mwa makutu. Palibe chawonongeka."

Wachiwiri anali wosula makasu, munthu wa mikono ikuluikulu koma wa timawu ting'onoting'ono. Nayenso anakhala pansi n'kuimba. Kadammanja anapotoza, n'kukhudza ndi chala, n'kulemba kamzere. Wosula anayang'ana Gwirize, Gwirize anayang'ana m'mwamba mwa mkuyu. Tsono Mlauzi anagwira Kadammanja pabondo n'kumuonetsa kachibobo kake ka fodya kopanda kanthu.

"Achimwene, mphuno zayabwa. Fodya wanu wabwino uja simungatipatseko?"

Ponena zimenezi Mlauzi sanamuyang'ane m'maso. Kadammanja anapita. Pobwera anapeza wosula akuimba mosangalala, phazi likugunda pansi.

Wachitatu anali mkamwini wina wongobwera kumene m'mudzimo, amene ankafuna kumaimbira mkazi wake. Zinayenda chimodzimodzi. Kamzere katangolembedwa, Gwirize anagwira pakhosi n'kuti ludzu lamupha, ndipo madzi a mumtsuko wa mlongo wake ndiwo ozizira m'mudzi monse. Ali m'njira, Kadammanja anadabwa pang'ono. Bwanji amatumidwa iye nthawi zonse, pamene miyendo ya Gwirize ndiyo yaitali? Koma pobwera mkamwini anamugwadira pothokoza, ndipo kuyamikidwa n'kokoma. Tsono funso lija analisiya panjira pomwepo.

Mitambo itayamba kusonkhana, Kadammanja anatenga khasu lake lothyoka n'kupita nalo kwa wosula. Wosula ali kalikiliki ndi moto, iye anaona kaligo uja atapachikidwa pamzati. Anamutsitsa mwachikondi, n'kumapukuta fumbi ndi chikhatho. Ndipo maso ake anagwera pachikhomo.

Kamzere kamene kanali pamenepo sikanali kake. Kanali konenepa, kopendekera kumene amapendekera munthu wamanzere. Chapambali pake panali kadontho kakuda, pamene wina anafufuta kamzere kowonda ndi chala cha malovu.

Kadammanja anabwezera kaligo pamzati mwakachetechete. Khasu analiiwala pomwepo. Anapita kwa mlenje n'kupempha kuona kaligo wake, ndipo anapeza zomwezo. Anapita kwa mkamwini, zomwezonso. Pamenepo zonse zinamveka: utomoni uja, fodya uja, madzi ozizira aja. Iye akangopotoloka, Mlauzi ankapotoza chikhomo mongoyerekeza, Gwirize n'kufufuta mzere n'kulemba wina. Ndipo onse amene ankamugwira dzanja aja ankadziwa.

Manyazi amene anamva, ana inu, anali otentha. Akanamunena pamaso kuti wagontha, zikanamupweteka, koma akanakhalabe mkulu pakati pa akulu anzake. Koma apa anali atasanduka kamwana kotumidwa kukatunga madzi kuti akuluakulu alankhule. Anakwiyira Gwirize, anakwiyira Mlauzi, ndipo anadzikwiyira yekha koposa.

M'mawa mwake sanapite kumkuyu. Mkuja wakenso sanapite. Anzake atabwera kudzamuona, anamupeza atakhala pakhonde. Gwirize anayamba nthabwala zake mokweza, koma Kadammanja anangotembenuzira nkhope kukhoma. Munthu wosamva akakana kukuyang'ana, watseka chitseko, ngakhale ufuule bwanji. Awiriwo anaimaima n'kubwerera.

Masiku anapita. Kuchokera pakhonde pake mkuyu unkaoneka patali. Ankaona anzake awiri atakhala pansi pake, ndipo ankaona kuti manja awo sakugwira kanthu. Tsiku lina anaona Gwirize akuyesa kupota khonje pantchafu, kenako n'kulitaya kutali mokwiya. Kadammanja anafuna kuseka, koma sizinatheke. Ankawasowa anzakewo, ndipo kuwasowako kunkamupweteka kuposa kugontha.

Nangozo anapirira, anapirira, mpaka zinamukwana. Masana ena anasiya lichero lake, n'kudzakhala pansi pamaso penipeni pa mwamuna wake, kuti milomo ioneke bwino.

"Bambo, makutu anu anatseka."

Kadammanja anafuna kutembenuka, koma mkaziyo anamugwira chibwano.

"Ine ndikudziwa. Achimwene akudziwa. Ndi nkhuku zomwe zikudziwa, poti zikudya mapira kumbuyo kwanu osathawa."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Nanga inu bwanji simunanene?"

Kadammanja anati, "Ndinkaopa kuti andichotsa pamkuyu."

"Ndiye mwadzichotsa nokha," anatero Nangozo. "Nanenso ndinalakwa. Ndinkadikira inu, inu mukudikira iwo, iwo akudikira inu. Tonse tinangokhala chete ngati tili pamaliro."

"Zatha basi, mayi. Nsambo sindidzaimvanso."

Nangozo anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo anatuluka ndi chinthu chimene chinakhala kutsindwi zaka zambiri, chakuda ndi mwaye. Unali mkangala wake. Mkangala ndi bango lalitali lokungidwa nsambo imodzi, ndipo amaimba ndi akazi. Mbali imodzi ya bango amaiika pakamwa, n'kumakodola nsambo ndi kamtengo. Nangozo ankauimba ali mtsikana, ndipo nsambo yake anamupotera ndi Kadammanja yemweyo masiku amene ankamufunsira.

Anaupukuta, n'kukunga nsambo, n'kukhalanso pamaso pa mwamuna wake.

"Mukudziwa chifukwa chake ife akazi timaukonda mkangala? Amene ali pambali amangomva pang'ono. Koma woimba amaumva m'mutu monse, ngakhale anzake akusinja pafupi. Lumani apa."

"Chimenecho n'cha akazi."

"Makutu anu aamunawo akuthandizani chiyani? Lumani."

Kadammanja anayang'ana uku ndi uku kuona ngati pali wodutsa. Tsono analuma bango. Nangozo anakodola nsambo.

Ana inu, mawu aja analowa m'mano, n'kukwera m'nsagwada, n'kudzaza mutu wonse. Sanali phokoso lakutali ayi. Anali mawu enieni a nsambo, oyera, okwera ndi otsika. Ndipo inali nyimbo ija Nangozo ankaimba kumtsinje ali mtsikana, pamene Kadammanja ankanamizira kuti akufunafuna mbuzi yosochera. Misozi inatsika, koma sanathe kulankhula poti bango linali m'kamwa, ndipo sanafune kulilavula. Nangozo anaimba mpaka nyimbo inatha, n'kuyambanso.

Atalavula bango, Kadammanja anadzuka msangamsanga. Anati, "Ngati bango likutero, nanga mlombwa?" Analowa m'nyumba n'kutenga kaligo wake wakale. Analuma nsonga ya ndodo, n'kukwecha nsambo ndi kauta. Kaligo analira m'mutu mwake. Anapotoza chikhomo, mawu anakwera. Anabweza, mawu anatsika. Anaseka ndodo ili m'kamwa.

Koma posakhalitsa nkhope inagwanso.

"Nsambo ndaimva. Nanga mawu a mwini wake ndiwamva bwanji? Munthu sindingamulume."

Anakhala akutembenuzatembenuza kaligo m'manja. Anayang'ana chikopa cha gondwa, chimene chimanjenjemera ndi kamawu kalikonse. Anayang'ana kumbuyo kwa kang'oma, kumene kuli pululu. Tsono anati, "Mayi, ikani pakamwa apa, muimbire m'katimu."

Nangozo anawerama n'kuimbira m'kang'oma. Chikopa chinanjenjemera, mtengo unatenga mawuwo n'kuwafikitsa m'mano. Kadammanja anamva mkazi wake, anamvanso nsambo, zonse pamodzi. Anapotoza pang'ono, n'kupotozanso, mpaka ziwirizo zinagwirana.

"Tsopano ndikawaonetse," anatero akupukuta m'maso. "Aone kuti sindinathe."

"Kuonetsa kokha ayi," anatero Nangozo. "Mano akubwezerani nsambo. Koma anzanu mukawapeza ndi pakamwa. Mukanene chimene munabisa."

Kadammanja anadziwa kuti mkaziyo akunena zoona, ndipo zimenezi zinamulemera kuposa kuluma bango.

M'mawa mwake anatenga kathumba kake n'kupita kumkuyu. Anapeza anzake atakhala. Pambali pawo panali kaligo watsopano, wosemedwa bwino, wokutidwa bwino, koma wopanda nsambo. Pansi panali timakhonje tambirimbiri topotedwa mwa mfundomfundo, tina toduka. Awiriwo ataona Kadammanja anadzuka. Iye sanakhale pansi. Analankhula ali chilili.

"Anzanga, ine ndinagontha. Njiwa sindizimva, tambala sindimumva. Mlenje uja sindinamumve, wosula sindinamumve, mkamwini sindinamumve. Ndinabisa poopa kuti mundichotsa pano. Ndinalakwa." Kenako anatembenukira kwa Gwirize. "Ndipo mizere yanu ndinaiona, alamu. Mumalemba ngati mukulemba ndi chitsa."

Gwirize, wapakamwa uja, anaweramitsa mutu n'kuyamba kulankhula zambirimbiri akuyang'ana pansi.

"Mukuuza nyerere," anatero Kadammanja. "Milomo yanu sindikuiona. Dikirani."

Anakhala pansi, n'kutulutsa nsambo yatsopano m'kathumba, n'kuimanga pakaligo uja. Anzake ankangoyang'ana. Kenako analoza kumbuyo kwa kang'oma.

"Nenerani muno."

Ndipo analuma nsonga ya ndodo. Gwirize anayang'ana Mlauzi modabwa. Koma anagwada pansi, munthu wamtali uja, n'kuika pakamwa pake pakang'oma.

"Alamu, mukundimva?"

Kadammanja anaphethira kuvomera.

"Alamu, tinalakwa. Tinkati tikukusungirani ulemu, koma tinakusandutsani wotumidwa. Tinkaopa kuti tikanena mudzakhumudwa n'kuchoka, ndipo mwachokabe. Pano popanda inu sipakukhalika. Ndilibe womunyoza."

Mawu onsewo analowa m'mutu mwa Kadammanja, limodzi ndi limodzi. Tsono Mlauzi nayenso anagwada n'kusendeza pakamwa.

"Achimwene, fodya uja ndinali naye m'thumba. Pepani."

Kadammanja analavula ndodo n'kuseka, ndipo anzake anaseka naye, maso onse ali onyowa. Kuseka kutatha, iye anapaka kauta utomoni n'kuyang'ana mlamu wake.

"Tsopano imbani."

"Ine?"

"Inu. Kaligo ameneyu ndi wanu."

"Paja munati khonje lake silinamere?"

"Lamera. Imbani."

Gwirize anagwadanso n'kuimbira m'kang'oma nyimbo ya amayi ake yopetera mapira. Galu amene anagona pamizu ya mkuyu anadzuka n'kuchoka. Kadammanja analuma ndodo, n'kutsinzina, n'kumapotoza chikhomo. Mawu a Gwirize ankathawira uku, iye n'kuwatsata. Ankathawira uko, iye n'kuwatsatabe. Inali ntchito yovuta kuposa zonse zimene anagwirapo. Koma pomaliza nsambo ndi mawu zinagwirana, ndipo Mlauzi anaika dzanja pakamwa podabwa, poti kwa nthawi yoyamba Gwirize ankamveka ngati munthu woimba. Kadammanja anatola khala n'kulemba kamzere kake kowonda, anzake onse akuona. Palibe anamutuma kulikonse.

Nyimbo itatha, analavula ndodo. Misozi inali itafika pachibwano.

"Alamu," anatero, "mawu anu akadali oipa ngati kale. Koma ndawamva. Imbaninso."

Ndipo Gwirize anaimbanso.

Mbiri inamveka m'mudzi. Mlenje anabweretsa kaligo wake, wosula anabweretsa wake pamodzi ndi khasu loiwalika lija, mkamwini anabweretsanso wake. Aliyense anagwada n'kuimbira m'kang'oma, ndipo aliyense anadabwa kumva mmene kaligo amalirira akakumana ndi mawu a mwini wake ndendende. Kuyambira pamenepo kaligo aliyense wochokera pamkuyu uja ankakhala ndi zizindikiro ziwiri: kamzere kowonda pachikhomo, ndi zipsera za mano kunsonga ya ndodo. Gwirize anayamba kusema nsongayo mophwatalala pang'ono kuti mano a mlamu wake asamapweteke, ngakhale ankanena kuti akutero poopa kuti alamu angamudyere mlombwa wonse. Ndipo amuna atatuwo anapangabe akaligo mpaka imvi zinadzaza mitu yawo.

Tsono mwamva, ana inu? Ukakhala ndi vuto, uwauze anzako. Ukalibisa, umadzichotsa wekha pakati pa anthu amene akanakuthandiza. Ndipo mnzako akakhala ndi vuto, usamukonzere zinthu kumbuyo ngati ndi mwana. Ukhale pamaso pake, umuuze zoona mwachikondi, ndipo mufunefune njira pamodzi. Chifundo chochitira munthu mobisa chimadzamupweteka tsiku limene adzazindikire, ndipo tsikulo silephera kufika.

Nanenso ndakhwefula nsambo yanga. Nthano yathera pomwepa.